Excel ikakana dzina la timabokosi: pofufuzira ndi pokonzera

Aliyense wosunga mabuku a gulu pa kompyuta, kaya ndi mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi ku Mulanje, msungichuma wa banki m'khonde ku Bvumbwe kapena kalaliki wa pasukulu ku Luchenza, amafika pozindikira kuti fomula yolembedwa =B2*$H$1 siuza munthu kanthu. Pakatha miyezi ingapo ngakhale mwini wake sakumbukira kuti H1 uja anali chiyani. N'chifukwa chake timabokosi timatipatsa mayina. Kabokosi ka mtengo wa masamba a tiyi kamakhala Mtengo_pa_kilo, kolamu ya zomwe alimi apimitsa imakhala Makilo, ndipo fomula imawerengeka ngati chiganizo. Mutu umayamba kuwawa pulogalamu ikakana dzinalo, kapena ikalilola lero pa kompyuta yanu koma mawa, fayilo yomweyo itatsegulidwa pa laputopu ya mnzanu, kolamu yonse n'kudzaza #NAME? kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Kuno kwathu zoterezi sizisowa, chifukwa makompyuta athu sachokera kumodzi. Ina inabwera ndi m'bale wochokera ku Joni, ina inagulidwa kutsidya ku Milange n'kulowera pa Muloza ikulankhula Chipwitikizi, ina inasiyidwa ndi bungwe lomwe linabwera nayo kuchokera ku Germany. Fayilo imodzi imazungulira m'makompyuta onsewa pa flash ndi pa WhatsApp.

Musanagwire chilichonse, gwiritsitsani mfundo iyi. Excel imasunga mafomula m'fayilo mwa njira imodzi, kenako n'kuwaonetsa m'chilankhulo cha pulogalamu yomwe yatsegula fayiloyo. SUM wanu pa Excel ya Chipwitikizi aoneka ngati SOMA, pa ya Chijeremani ngati SUMME, ndipo palibe cholakwika. VLOOKUP asanduka PROCV kapena SVERWEIS payekha. Zomwe sizisinthidwa ndi ziwiri basi: mayina omwe munapanga inu, ndi chilichonse chomwe munalemba mkati mwa mitengero. Mavuto ambiri a mayina amabisala m'ziwirizi.

1. Koperani fayilo, muone mtundu wa vuto

Konzerani pa kope, fayilo yeniyeni ikhale pambali. Kufufuta dzina mu Name Manager, momwe Excel imaonetsa mayina onse, si chinthu chodalira kuti mudzachibweza, ndipo magetsi akathima muli pakati pa ntchito mudzayamika kuti yakale ilipo.

Kenako onani chomwe chikuchitika. Nthawi zina pamatuluka uthenga pomwe mukulemba dzina, woti "The syntax of this name isn't correct" kapena, pa Excel yakalepo, "The name that you entered is not valid". Nthawi zina uthenga sutuluka n'komwe, sikirini imangolumphira kumalo opanda kanthu. Nthawi zina fomula imaonetsa #NAME?, yomwe pa Chipwitikizi ndi #NOME? ndipo pa Chifalansa ndi #NOM?. Nthawi zinanso ndi #REF!, kapena kabokosi kolembedwa Name Conflict kotuluka potsegula fayilo. Chilichonse chili ndi gwero lake, ndiye musayambe kufufuta zinthu musanadziwe chomwe mwakumana nacho.

Mndandanda wa mayina onse umatuluka mukadina Ctrl ndi F3 pamodzi. Pa malaputopu ambiri muyenera kugwiranso batani la Fn. Njira ya mabataniyi ndi yothandiza pa kompyuta yomwe mawu ake simukuwamva, poti simufunika kusakasaka pomwe alemba Gestor de Nomes kapena Namens-Manager.

2. Yang'anani zilembo za m'dzinalo

Malamulo ake ndi ochepa. Dzina liyambe ndi chilembo kapena kamzere kapansi, kaja ka _ aka. Lisayambe ndi nambala, choncho 2025_Makilo likanidwa pomwe Makilo_2025 lilowa. Mpata pakati pa mawu suloledwa. Kamzere kapakati, ka -, Excel imakawerenga ngati kuchotsera, ndipo ka / imakawerenga ngati kugawa. Lisapitirire zilembo 255, ngakhale palibe amene amafika kumeneko. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono ndi chimodzimodzi, kotero MAKILO ndi Makilo ndi dzina limodzi, ndipo lachiwiri likanidwa kuti lilipo kale.

Ife olemba Chichewa chimatigwira kwambiri ndi nkhodolero. Ng'ombe, M'khonde, Za_m'munda, onsewa sangalowe. Lembani Ngombe kapena Mkhonde, palibe mphunzitsi wa Chichewa amene adzachonge Name Manager yanu. Chilembo cha ŵ chipeweninso. Ngakhale chitalowa, mnzanu yemwe kiyibodi yake ilibe chilembocho adzalemba Malawi pomwe dzina ndi Malaŵi, ndipo kwa Excel amenewa ndi mayina awiri osiyana. Chimodzimodzi ç ndi ã wa m'mayina opangidwa pa kompyuta ya Chipwitikizi.

Mpumiro Excel imaulola pakati pa dzina, monga Mtengo.Tiyi, koma ine sindiulimbikitsa, pa chifukwa chomwe mukachione pa nkhani ya LibreOffice.

3. Dzina lofanana ndi adiresi ya kabokosi

Apa ndi pomwe pamagwa anthu ambiri, ndipo vutoli ndi loopsa chifukwa kawirikawiri silichita phokoso.

Mayi wina, msungichuma wa gulu, anasankha kolamu ya masheya a mwezi wa Januwale, n'kupita pa kabokosi kakumanzere kwa polembera fomula, kaja kamaonetsa A1, n'kulembamo JAN2025. Atadina Enter sikirini inangoyera, mizere ndi makolamu opanda kanthu. Anabwerera pamwamba ndi Ctrl ndi Home, n'kulemba =SUM(JAN2025), ndipo yankho linabwera 0. "Achimwene, tabwerani muone, ndalama za Januwale zathawa," anatero. Ndalamazo zinali pomwepo. Dzina ndi lomwe silinapangidwe n'komwe. JAN ndi kolamu yeniyeni, ya nambala 6,800, ndipo 2025 ndi mzere weniweni. Excel inamva kuti mayiwo akufuna kupita ku kabokosi kameneko, inawapititsako, ndipo fomula inawonkhetsa kabokosi kopanda kanthu. Palibe uthenga wochenjeza womwe unatuluka. Ziro ameneyo akanakhala mkati mwa fomula yaitali, akanalowa mu lipoti la pamsonkhano wogawana popanda womuona.

Gwero lake ndi chaka cha 2007. Excel 2003 inali ndi makolamu 256, omaliza ndi IV, ndi mizere 65,536. Excel 2007 inabwera ndi makolamu 16,384, omaliza ndi XFD, ndi mizere 1,048,576. Kuyambira pamenepo zilembo zitatu zilizonse zosapitirira XFD zikatsatidwa ndi nambala, imeneyo ndi adiresi. Taonani mayina omwe timakonda kuno: TEA2025, MWK1, VSL2, GVH3, KG1, MUL2024, THY2024. Onsewa ndi timabokosi. Kusukulu STD8 ndi kabokosi, JCE2024 ndi kabokosi, T1 ndi F4 ndi timabokosi, pomwe MSCE2024, PSLCE2024, FOMU4 ndi TERM1 alowa bwinobwino chifukwa zilembo zake zikupitirira zitatu. Zili ngati kupatsa mwana dzina loti Nyumba 12 pa malayini a ku esiteti: wobweretsa uthenga adzagogoda pa nyumbayo, mwanayo ali kwina.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dinani F5, lembani dzina lomwe mukufuna, dinani Enter. Mukapezeka kumalo opanda kanthu, dzinalo ndi adiresi. Kukonza kwake ndi kuika kamzere kapansi pakati, JAN_2025, kapena kulemba mawu athunthu, Masheya_Januwale. Apa Chichewa chimatithandiza, poti mawu athu ndi aatali. Tiyi2025, Feteleza1 ndi Ngongole2 sangasokonezeke ndi adiresi iliyonse.

Ngati fayilo yanu ndi yakale, ya .xls, yomwe wina anapanga pa Excel 2003, ikhoza kukhala ndi mayina ngati KG1 omwe nthawi imeneyo anali ololedwa. Mukamaisunga mwatsopano ngati .xlsx, Excel ikuchenjezani n'kusintha dzinalo poika kamzere kapansi kutsogolo, _KG1. Mafomula wamba amasintha okha. Zolembedwa m'mitengero ndi za m'ma macro, timapulogalamu tolembedwa mkati mwa fayilo, zimatsala ndi dzina lakale.

4. Zilembo zomwe zimasintha ndi chilankhulo

Excel ili ndi njira yachiwiri yotchulira timabokosi, yomwe ambiri sitiigwiritsa ntchito koma imakhalapobe. M'malo mwa C2 imati R2C3, kutanthauza mzere wachiwiri, kolamu yachitatu. Pa chifukwa chimenechi R payekha, C payekha, RC, R2C3 ndi ofanana nawo saloledwa kukhala mayina pa Excel ya Chingerezi.

Zilembozi zimachokera ku mawu a chilankhulo. Chipwitikizi chimati linha ndi coluna, ndiye adiresi yomweyo ndi L2C3, ndipo Chifalansa nachonso ndi L ndi C. Chijeremani chimati Zeile ndi Spalte, adiresi n'kukhala Z2S3. Chisipanishi ndi F ndi C. Tsono taganizirani kalaliki yemwe wagawa minda ya alimi m'mazoni ndi masekishoni, n'kufupikitsa mayina kuti Z1S1, Z1S2, Z2S1. Pa Excel ya Chingerezi mayinawa alowa popanda vuto. Pa ya Chijeremani ndi maadiresi. Wina wofupikitsa layini ndi chigawo kuti L1C2 adzagwira bwino ntchito mpaka tsiku lomwe fayilo idzafike pa laputopu ya ku Milange. Pamenepo pulogalamu ikhoza kufunsa dzina lina potsegula, kapena kukana mukafuna kulisintha kapena kupanga lina lofanana nalo.

Kuti mudziwe zilembo zomwe kompyuta yomwe ili patsogolo panu ikugwiritsa ntchito, pitani pa File, Options, Formulas, chongani pomwe alemba R1C1 reference style, mubwerere pa tsamba lanu n'kuyang'ana kabokosi kakumanzere kaja. Mukaona L1C1 kapena Z1S1 mwapeza yankho. Chotsaninso chongacho mukatha, apo ayi mitu ya makolamu itsala manambala ndipo mnzanu adzati mwawononga kompyuta.

Mayina a chilembo chimodzi kapena ziwiri asiyeni, ngakhale pulogalamu yanu ikuwalola. TRUE ndi FALSE nawonso si mayina, ndipo pa Chipwitikizi malo awo amatenga VERDADEIRO ndi FALSO, pa Chijeremani WAHR ndi FALSCH.

5. Zomwe zili m'mitengero

Ngati mayina onse akuoneka abwino mu Name Manager koma fomula ikugwira pa kompyuta imodzi n'kukana pa ina, sakani INDIRECT. Dinani Ctrl ndi F, lembani INDIRECT, musankhe kusaka m'buku lonse komanso m'mafomula. Pa Chipwitikizi cha ku Brazil mupeza INDIRETO, pa Chijeremani INDIREKT, choncho kulemba INDIRE kokha n'kokwanira. INDIRECT imatenga mawu n'kuwasandutsa adiresi kapena dzina, ndipo poti mawuwo ali m'mitengero, palibe amene amawamasulira.

Chitsanzo choyamba ndi =INDIRECT("R2C3",FALSE). Pa kompyuta yomwe imayembekezera L2C3 fomulayi ibweza #REF!. Musalimbane n'kusintha zilembo, chifukwa mukakonzera ya Chipwitikizi mwawonongera ya Chingerezi. Lembani =INDEX($A:$Z,2,3) basi. INDEX imafuna manambala, ndipo manambala ndi amodzi kulikonse.

Chachiwiri chimapusitsa kwambiri. Mlembi wapanga mayina Kilo_Jan, Kilo_Feb, Kilo_Mar, Kilo_Apr a miyezi ya mvula yomwe masamba amachuluka, n'kulemba =SUM(INDIRECT("Kilo_"&TEXT(A1,"mmm"))) kuti fomula izisankha yokha mwezi kuchokera pa deti lomwe lili mu A1. TEXT imalemba dzina la mwezi molingana ndi dera lomwe Windows yaikidwa. Pa kompyuta ya Chipwitikizi Januwale ndi jan, ndipo zigwira chifukwa jan ndi Jan n'chimodzimodzi. Aliyense akhulupirira kuti fayilo ili bwino. Febuluwale akafika, TEXT ipereka fev, fomula isaka Kilo_fev, ndipo dzina lotero kulibe. Malichi ndi mar, zigwiranso. Epulo ndi abr, zikananso. Munthu amatha kuganiza kuti kompyuta ili ndi vairasi, pomwe vuto ndi zilembo zitatu. Konzani potchula miyezi ndi manambala, Kilo_1, Kilo_2, n'kulemba "Kilo_"&MONTH(A1).

Chaka nachonso chimodzimodzi. TEXT(A1,"yyyy") imapereka 2025 pa Chingerezi, koma Chipwitikizi chimafuna "aaaa" ndipo Chijeremani "JJJJ". Mukaipatsa yyyy imangobweza zilembo zomwezo, dzina n'kutuluka Masamba_yyyy. YEAR(A1) ndiye mankhwala ake.

Chachitatu ndi mindandanda yosankhira yodalirana, ija mumasankha dera mu kolamu A, ndipo kolamu B imangoonetsa midzi ya m'deralo. Imagwira ntchito ndi =INDIRECT(A2), kutanthauza kuti mawu omwe ali mu A2 ayenera kufanana ndendende ndi dzina. Chitakale, Limbuli, Thekerani ndi Masambanjati sapereka vuto poti ndi liwu limodzi. Thyolo Boma ili ndi mpata, T/A Mabuka ili ndi mpata komanso ka /. Dzina lipangeni Thyolo_Boma, ndipo fomula ikhale =INDIRECT(SUBSTITUTE(TRIM(A2)," ","_")). TRIM ndi wochotsa mpata wotsalira kumapeto womwe maso sauona, ndipo m'mafayilo olembedwa ndi anthu angapo mipata yotereyi ndi yosayamba. Pa mafumu, chophweka ndi kuchotsa T/A m'mndandandamo n'kusiya Mabuka, Chikumbu, Nchilamwela, udindowo ukhale pamutu pa kolamu.

Mukamapanga mayina ambiri kamodzi kuchokera ku mitu ya makolamu, pogwiritsa ntchito Ctrl, Shift ndi F3, Excel imasintha yokha mipata kukhala timizere tapansi ndipo imawonjezera kamzere pa mitu yoyamba ndi nambala kapena yofanana ndi adiresi. Siikuuzani kuti yatero. Tsegulani Name Manager muone mayina enieni omwe yapanga musanalembe mafomula.

6. #NAME? yemwe sakukhudza dzina lanu

Sikuti #NAME? aliyense ndi wa dzina lolakwika. Excel ikakumana ndi liwu lomwe sikulidziwa m'fomula, imangoganiza kuti ndi dzina. Mukalemba =IF(A2=Bvumbwe,1,0) mutaiwala mitengero, isaka dzina loti Bvumbwe. Mukakopera fomula kuchokera pa WhatsApp kapena mu Word, mitengero imatha kubwera yopindika, ndipo imeneyo Excel siiwerenga ngati mitengero. Ifufuteni, muilembenso pa kiyibodi. Mukalemba SUM ndi manja pa Excel ya Chipwitikizi mupezanso #NOME?, popeza kumasulira kumachitika pa zosungidwa m'fayilo, osati pa zomwe mukulemba panopo.

Mukaona fomula yoyamba ndi _xlfn., nkhani ndi ukalamba wa pulogalamu. XLOOKUP ili mu Excel 2021 ndi Microsoft 365, IFS ndi TEXTJOIN zinabwera ndi Excel 2019. Fayilo yokhala ndi zimenezi ikafika pa Excel 2010 kapena 2013, zomwe zidakali m'maofesi ambiri, fomula ikangowerengedwanso ituluka #NAME?. Wolemba fayilo abwerere ku VLOOKUP kapena INDEX ndi MATCH.

Palinso nkhani ya mpatuliro. Kompyuta ina imafuna =INDEX($A:$Z,2,3), ina imafuna =INDEX($A:$Z;2;3). Izi zimatengera dera lomwe Windows yaikidwa. Kumene amalemba theka ngati 0,5 mpatuliro uli kale ndi ntchito, ndiye mafomula amalekanitsidwa ndi ;. Malaputopu ochokera ku South Africa amadabwitsa ambiri apa, chifukwa mawu onse ndi a Chingerezi koma mpatuliro ukukanidwa. Pitani pa Control Panel, Region, musinthe Format kukhala English ya Malawi, yomwe ilipo pa Windows 10 ndi 11, kapena ya United Kingdom. Mu Additional settings onetsetsani kuti List separator ndi mpatuliro ndipo Decimal symbol ndi mpumiro. Tsekani Excel, muitsegulenso. Kusintha chilankhulo cha pulogalamu yeniyeniyo kuli pa File, Options, Language, koma Chingerezi chikakhala kuti palibe mufunika bandulo yokwanira yochikokera pa intaneti. Ngati laputopu ndi yobwereka, funsani mwini wake kaye, poti masiku ndi manambala m'mafayilo ake onse asintha maonekedwe.

7. Sesani mu Name Manager

Dinani Filter, musankhe Names with Errors. Mayina omwe akuloza #REF! ndi aja timabokosi take tinafufutidwa, kapena tsamba lonse linachotsedwa. Ngati dzinalo likugwirabe ntchito m'mafomula, lilozeni pamalo oyenera mu Refers to. Musanayendetse timivi ta pa kiyibodi m'menemo dinani F2, apo ayi Excel iyamba kuthiramo maadiresi osafunika. Ngati dzinalo palibe akuligwiritsa ntchito, lifufuteni. Mayina omwe akuloza fayilo ya pa kompyuta ya munthu wina, aja okhala ndi C:\Users ndi dzina la munthu yemwe anachoka kalekale, ndi omwe amachititsa uthenga wofunsa za ma link nthawi iliyonse mukatsegula.

Dzina lisintheni podina Edit, osati kufufuta n'kupanga lina. Edit imasintha mafomula onse omwe akulitchula, kupatula zolembedwa m'mitengero, pomwe kufufuta kumawasiya ndi #NAME?.

Yang'ananinso kolamu ya Scope. Dzina likhoza kukhala la buku lonse kapena la tsamba limodzi. Mukakopera tsamba la Januwale kuti likhale la Febuluwale, Excel imakoperanso mayina ake n'kuwapanga a tsamba latsopanolo. Pakutha pa chaka muli ndi Mtengo_pa_kilo khumi ndi awiri. Mtengo ukasintha n'kukonza limodzi lokha, masamba a miyezi ina awerengerabe wakale, ndipo alimi alipidwa mosiyana popanda uthenga uliwonse wochenjeza. Ikani mitengo, chiwongoladzanja ndi zina zotere pa tsamba lawolawo lomwe silikoperedwa, mufufute mayina obwerezawo. Scope sasinthika pa dzina lopangidwa kale.

Mukapeza dzina lachilendo ngati Área_de_Impressão, Druckbereich kapena Zone_d_impression, musadabwe. Ndi Print_Area, dzina lomwe Excel imapanga yokha mukasankha gawo losindikiza. Inu musatchule chinthu chanu Print_Area, Print_Titles, Database kapena Criteria. Kabokosi ka Name Conflict konena kuti dzina silingafanane ndi built-in name kakatuluka potsegula, kawirikawiri pa Print_Area kapena _FilterDatabase, lembani dzina lililonse latsopano monga Chotaya1, fayilo itseguke, mukalifufute mu Name Manager, kenako musankhenso gawo losindikiza kapena Filter.

Mayina ena ndi obisika, saoneka m'mndandanda koma amafunsidwa mukamakopera tsamba. Kuti aonekere, dinani Alt ndi F11, kenako Ctrl ndi G, mulembe mzere uwu m'kawindo kapansi n'kudina Enter:

For Each n In ActiveWorkbook.Names: n.Visible = True: Next

Bwererani ku Name Manager. Oyamba ndi _xlfn ndi a Excel yomwe, asiyeni.

8. Ngati fayilo imadutsa pa LibreOffice kapena Google Sheets

Makompyuta ena operekedwa m'masukulu amakhala ndi LibreOffice poti ndi yaulere. Mayina ali pa Sheet, Named Ranges and Expressions, Manage, ndipo Ctrl ndi F3 imagwiranso. Kumeneku mpumiro ndi wolekanitsa dzina la tsamba ndi kabokosi, monga Sheet1.A1, pomwe Excel imalemba Sheet1!A1, n'chifukwa chake dzina lokhala ndi mpumiro ndi lopewa. Chinanso, LibreOffice inakhala nthawi yaitali ndi makolamu 1,024 okha, omaliza ndi AMJ, mpaka 7.4 ya mu 2022 yomwe inafika pa 16,384. Choncho LibreOffice yakale ilola TEA2025 ndi STD8, mayina omwe Excel iwakana. Ngati ikulankhula chilankhulo china, pitani pa Tools, Options, LibreOffice Calc, Formula, muchonge Use English function names. Pomweponso ndi posinthira mpatuliro.

Google Sheets imalola zilembo, manambala ndi kamzere kapansi basi, mpaka zilembo 250, ndipo dzina lisayambe ndi nambala kapena ndi mawu oti true kapena false. Mayina ali pa Data, Named ranges, ndipo dera limasinthidwa pa File, Settings, Locale. Kusintha kumeneku kumakhudza fayiloyo kwa onse oigwiritsa ntchito. Lamulo la Google Sheets ndi lothina kuposa la enawo, ndiye dzina lolowa kumeneko, lokhalanso ndi zilembo zoposa zitatu patsogolo pa nambala, lidzalowa kwina konse.

9. Fayilo ikakana kutseguka bwino

Nthawi zina Excel imanena kuti yapeza vuto m'fayilo, n'kuikonza yokha, kenako n'kulemba "Removed Records: Named range from /xl/workbook.xml". Izi zimakonda kuchitika pa mafayilo otulutsidwa ndi mapulogalamu ena, monga olembera alimi kapena owerengera ndalama, omwe amalemba mayina osatsata malamulo a Excel. Pulogalamu yachotsa dzina loipalo, koma siinena kuti ndi liti.

Kuti mulipeze, tengani kope la fayilo yomwe sinakonzedwe, musinthe mapeto ake kuchoka pa .xlsx kukhala .zip. Ngati mapetowo sakuoneka, chongani File name extensions pa View mu File Explorer. Fayilo ya .xlsx ndi zipi ya tizifayilo tambiri. Tsegulani foda ya xl, mukokere workbook.xml pa desktop, muitsegule ndi Notepad, musake mawu oti definedName. Dzina lililonse lili pamenepo pamodzi ndi komwe likuloza, obisika omwe, olembedwa hidden="1". Oyamba ndi _xlnm. ndi a Excel, monga _xlnm.Print_Area, ndipo umu ndi momwe gawo losindikiza limasungidwira posatengera chilankhulo. Sakani lomwe lili ndi mpata, nkhodolero kapena lofanana ndi adiresi, komanso lolembedwa kawiri.

Mukalipeza, njira yotetezeka ndi kutseka Notepad, kubwerera ku fayilo yomwe Excel yakonza, n'kupanga dzinalo mwatsopano, lolembedwa bwino, loloza pomwe mwaona mu workbook.xml. Mafomula omwe ankalitchula akonzeni ndi Ctrl ndi H, mutasankha buku lonse. Kufufuta mwachindunji mu Notepad n'kotheka, koma muchotse kuyambira pa <definedName mpaka pa </definedName> yake osasiya chilembo, mubwezere workbook.xml mu zipi pamalo pomwe inali, n'kusinthanso mapeto kukhala .xlsx. Mukatha, dinani Ctrl, Alt ndi F9 kuti buku lonse liwerengedwenso, mufananitse zowonkhetsa zake ndi za m'kaundula wa pamanja wa mwezi womwewo, kenako mutsegule fayiloyo pa kompyuta ija inkaikana musanaitumize ku gulu.